Amene Analemba Wilu ya Yudasi

1

Kwathu ku La Lomita, kumtunda kwa mzinda wa Barquisimeto, Yudasi sitimuopa. Timaopa wilu yake.

Lamulungu la Pasaka likafika, dzuwa litapendeka, timapachika pamtengo wa pabwalo la mpira chidole chachikulu ngati munthu, chovala jekete ndi buluku lakutha, m'mimba mwake muli utuchi ndi makombola. Tisanachiyatse moto, Yudasiyo amayamba wagawa chuma chake kwa anthu a m'dera mwandakatulo, ndipo chimene akusiyira ndicho chilema chako. Yemwe ali ndi kamseri, tsikulo amabwera atavala chipewa chachikulu.

Dzina langa ndine Argenis. Ndimakonza mafiriji ndi mafani. Sukulu ndinaimalizira ku makalasi a madzulo ndili kale bambo wa ndevu, ndipo anthu amati ndine munthu wosafulumira kuweruza.

Wowerenga wilu chaka chilichonse anali Crisanto, dalaivala wa basi, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, amenenso anaimirira mwana wanga Dioselina pa ubatizo. Koma iye ankangowerenga. Pepalalo linkapezeka Loweruka m'mawa pansi pa chitseko cha golosale ya mayi Eufemia, lotayipidwa, lomata, lopanda dzina. Zinkachitika choncho kuyambira tili ana, ndipo kufunsa za wolembayo kunali mwano.

Chaka chimenecho Crisanto anakwera pampando, natsokomola ngati bishopu, nang'amba envulopu.

"Kwa mayi Eufemia a golosale
ndikusiyirani sikelo yatsopano,
chifukwa yanuyo inakalamba,
kilo yake imathera panjira."

"Bodza! Yudasi wakuba iwe!" anakuwa mayi Eufemia, bwalo lonse likugwa ndi phwete.

"Kwa Crisanto wa basi ndikusiya mabuleki,
kuti okwera apumeko kupemphera korona."

"Ndinakonzetsa Lolemba, galu iwe!" Crisanto analoza chidolecho ndi chala, misozi ya chiseko ili chuchuchu. Anapukuta maso napitiriza, liwu likadali la chiseko.

"Kwa Kamba wa m'nyumba ya chitseko chabuluu
ndikusiya desiki lake la chaka chatha.
Akhalepo chaka china, walizolowera,
mwina adzukulu ake adzamupeza pompo."

Nyumba ya chitseko chabuluu ndi yanga. Mwana wobwereza kalasi m'nyumbamo anali mmodzi yekha, wa zaka khumi ndi zinayi.

Anthu anaseka. Dioselina anali ataimirira pafupi ndi mayi ake, atanyamula mbale ya mapapaya ophika ndi shuga. Anawerama, nakhazika mbaleyo pansi mosamala kuti isatayike, nayamba ulendo wa kunyumba. Mnyamata wina anakuwa: "Thamanga, Kamba!" Makombola anayamba kuphulika iye asanakhote pakona.

2

Ndisanapitirire, ndivomereze mbali imene aliyense m'nyumba mwanga ankaidziwa. Dzina la Kamba ndinamupatsa ndine, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tsiku lina atachedwa kumanga zingwe za nsapato. Linali la m'nyumba mokha. Kwathu mwana akadzuka amapempha dalitso kwa makolo ake. Iye ankati, "Madalitso, bambo," ine n'kuyankha, "Mulungu akudalitse, Kamba." Patebulo ndinkati, "Fulumira, nyembazo zimera m'mbale." Akabweretsa lipoti la kusukulu ndinkaliwerenga mokweza ndi mawu a muulutsi wa mpira. Akalira ndinkati, "Taonani, nthabwala chabe." Akandikhumudwitsa kwambiri ndinkangomusiya masiku atatu osamulankhula.

Dzanja langa silinamukhudzepo. Ndinkanyadira zimenezo.

Pasaka itatha, dzinalo linatuluka pakhomo n'kuyamba kuyenda lokha. Kusukulu anamujambulira kamba padesiki. Kwa ogulitsa buledi ankamufunsa ngati wanyamuka dzulo. Mwanayo anayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse, chakudya n'kumadyera kuchipinda. Mawu ake anatsala amodzi: "Pepani." Tsiku lina ndinamuponda phazi ndine, wopepesa anali iye.

Mkazi wanga Zoraida ndi telala, ndipo akakwiya makina ake amalira ngati njinga yamoto.

"Ndikangomupeza wolembayo," anatero akupondaponda makinawo, "ndimusoka pakamwa ndi ulusi wosokera majinzi. Mwana wa munthu! Si paja ana sankawalowetsa m'wilu?"

"Lamulo loletsa palibe," ndinatero.

"Inunso muli mbali yake?"

"Ndikungonena za malamulo, mayi a Dioselina."

Lachisanu la sabata yomweyo Dioselina anatuluka m'chipinda atavala zovala za pakhomo, yunifomu ataipinda m'manja. Anaika yunifomuyo patebulo pamaso panga.

"Bambo, ndikupempha chinthu chimodzi. Mundipezere amene analemba. Kusukulu sindibwererako mpaka munthuyo atandiuza yekha, ndi pakamwa pake."

"Mwana iwe, mayeso ali mu Julayi. Ukajomba mwezi wathunthu akufufuta, ndiye chaka chino chapitanso."

"Ndikudziwa, bambo."

Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Amene anayamba kuyang'ana kumbali ndine.

"Chabwino," ndinatero. "Ndimupeza."

3

Zoraida sanadikire. Anaitanitsa msonkhano pakhonde la golosale, ndipo kunabwera anthu ochuluka kuposa a ku misa ya m'mawa.

"Tisankhe wapampando wa kafukufukuyu," anatero mayi Eufemia. "Munthu wofatsa, wophunzira, wosathamangira kuloza chala."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine.

"Ine ayi," ndinatero. "Nkhaniyi ikundikhudza."

"N'chifukwa chake, achimwene!" anatero Crisanto akundimenya pamsana. "Ndani angasake mfitiyi koposa bambo wa mwana?"

Anandiombera m'manja. Wina anandigulira botolo la chakumwa.

Nzeru yoyamba ya komiti inali yoyendera nyumba zonse zokhala ndi makina otayipira. Tinapeza atatu. Oyamba anali a katekisiti, amene analumbira pa oyera mtima onse, ena a iwo sitinawamvepo. Achiwiri anali a mayi wina wamasiye, koma m'kati mwake munali chisa cha mbewa ndi ana asanu. Achitatu anali a mphunzitsi wopuma ntchito, yemwe atamva kuti tikumuganizira anakondwa kwambiri moti anatiwerengera ndakatulo zake ola lathunthu. Titatuluka Crisanto anati, "Uyu mumasuleni. Wilu akanalemba iyeyu, Yudasi akanadziyatsa yekha moto."

Tinkapumira m'kashedi kanga kokonzeramo mafiriji, Crisanto atakhala pa firiji yogona yakufa imene inali pakona, akugwedeza miyendo.

"Munthu ameneyu ndi wanzeru, achimwene," ankatero. "Koma ndi wopanda mtima. Ndikumva fungo lake, ali pafupi."

Masabata atatu anatha chonchi. Anthu atatopa kusaka, anayamba kuloza amene anali pafupi. Ndani wakunja akanadziwa dzina la m'nyumba, kupatula woimirira mwana pa ubatizo, wodya nafe Lamulungu lililonse? Zoraida anasiya kumupatsa moni Crisanto. Amayi a m'dera ankailola basi yake kudutsa, n'kudikira yotsatira padzuwa.

Crisanto anabwera kushedi chipewa chili m'manja, nthabwala zitamuthera.

"Achimwene, ndinawerenga ndisanaganize, pakamwa panathamanga. Mlandu umenewo ndikuuvomera. Koma kulemba? Ine mwana uja ndinamunyamula m'manja awa wansembe akumuthira madzi. Inu mukundikhulupirira, eti?"

"Ndikukukhulupirira, Crisanto."

"Ndiye kawauzeni anthu."

"Tisafulumire. Kafukufuku akadali m'kati."

Anagwedeza mutu nachoka. Yunifomu ya Dioselina inali ikadali pamene anaiika, Zoraida akuipukuta fumbi tsiku ndi tsiku.

4

Kenako kusukulu anatiitana. Mlangizi wa ana kumeneko anali mayi Nélida, kamayi kakafupi kovala magalasi, ndipo mu ofesi yake munali fani yakufa. Ndisanakhale n'komwe pansi ndinali nditaigwira kale, sikuludiraiva ili m'manja.

"Ikonzeni, palibe vuto," anatero. "Abambo ambiri amamva bwino manja akakhala ndi chochita. Tandiuzeni zinthu zitatu zabwino za mwana wanu."

Zoraida anatchula khumi osapuma: amadula nsalu mowongoka kuposa iye, amakumbukira tsiku lobadwa la aliyense, amaimba akamachapa. Ine sindinkadziwa kuti amaimba.

"Nanga bambo?"

"Alibe mwano," ndinatero. Ndinafufuza china. "Komanso... alibe mwano."

Mayi Nélida sanaseke. "Dzina lija ana anzake analitola pa Pasaka. Koma mwana salephera kudzuka chifukwa cha masabata atatu. Linayamba liti?"

Ndinamufotokozera mwaulemu kuti kulera kuli ndi njira zake. Bambo anga ankaweta mbuzi ku Carora, ndipo sanandimenyepo. Ankangonditchula Bulu. Alendo akabwera ankati, "Bulu, bwera udzawaonetse m'mene umawerengera," iwo n'kumaseka. "Ndipo manyazi amenewo," ndinatero, "ndi amene anandikankha mpaka ndinakamaliza sukulu. Mwana amafuna kumugwedeza."

"Munasiya sukulu muli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Munabwerera muli ndi zingati?"

"Makumi atatu."

"Ndiye manyaziwo anakukankhirani kusukulu, kapena anakutsekerani kunja zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu?"

Kachitsulo kanandipulumuka n'kugubuduzikira pansi pa tebulo.

"Anawabweza kusukulu ndine," anatero Zoraida. "Ndinawaona akuwerenga mapepala a mawaya a firiji, ndiye ndinati, 'Inu mutu muli nawo, mukuutayiranji?' Analira tsiku limenelo."

"Sindinalire."

"Munalira, abambo. Munati ndi utsi wa mpaipi."

Mayi Nélida anachotsa magalasi. "Mwana wanu si wochedwa mutu. Chilichonse amachibwereza katatu chifukwa akuopa kulakwitsa, ndiye belu limalira asanamalize. Mwana wonyozedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu amene amamukonda satsutsa, amangokhulupirira. Mwatsala ndi sabata imodzi, bambo. Akapanda kubwera Lolemba linalo, dzina lake lichoka m'kaundula, ndipo ine sindingathe kuletsa."

Fani ija inazungulira. Anandithokoza, ine osamva n'komwe.

5

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira ngati galu wofuna pogona.

Nditachoka kusukuluko ndinapita kushedi, n'kutsegula firiji yakufa ija imene Crisanto ankakhalira. M'kati mwake, mokutidwa ndi thumba la ufa, munali makina achinayi otayipira a ku La Lomita. Anandisiyira ndi malemu Pantaleón, wometa tsitsi, amene analemba wilu zaka makumi atatu. Atagona m'chipatala anandiitana nati, "Iwe wa sukulu ya madzulo, suyankhulayankhula. Ntchitoyi ndi yako." Ndinali nditalemba zaka zisanu ndi ziwiri. Sikelo ya mayi Eufemia, mabuleki a Crisanto, desiki la Kamba, zonsezo zinatuluka m'zala zanga.

Ndinkadziuza kuti ndikumuthandiza. Ndinkati mawu anga a m'nyumba wawazolowera, mwina chiseko cha bwalo lonse chimudzutsa. Koma palinso china chimene ndinachivomera mochedwa: ndimeyo inali yokoma, ndipo ndinkadziwa kuti anthu aseka.

Ndinanyamula makinawo masanasana, kudutsa pagolosale, mpaka kunyumba. Ndinawakhazika patebulo pakati pa mbale ya nyemba zakuda ndi ya ma arepa, timikate tathu ta ufa wa chimanga.

"Mwawapeza!" anakuwa Zoraida. "Ndi a ndani? Nenani, ulusi ndaika kale!"

"Muitaneni mwana."

Dioselina anatuluka naima pakhomo la chipinda.

"Mwana wanga, ndine. Ndinalemba ndine."

Zoraida anakhala pansi.

"Ndinkadziwa," anatero Dioselina.

"Unkadziwa bwanji?"

"Milomo yanu, bambo. A Crisanto akuwerenga, milomo yanu inkatsogola, iwo akutsatira. Atafika pa ine munasiya kuyang'ana Yudasi, munayamba kuyang'ana anthu kuti muone ngati aseka."

"Nanga unanditumiranji kukasaka?"

"Ndinkafuna ndione kuti mutenga masiku angati." Anayang'ana kalendala ya pakhoma. "Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ndiye mumati wochedwa ndine."

Zoraida anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati ndi kulira kapena kuseka, nadzigwira pakamwa ndi nsalu.

Ndinapepesa. Mawuwo anatuluka mokhotakhota, chifukwa lilime linali lisanawazolowere. Dioselina sanandikumbatire. Anatchula zofuna zake zitatu, ndipo zinali zoonekeratu kuti anazikonza kalekale: ndikauze komiti ndekha kuti a Crisanto ayere, dzina lija life, ndipo Lachinayi lililonse ndizipita kwa mayi Nélida.

"Ukutanthauza kukuperekeza?"

"Ayi, bambo. Ine tsiku langa ndi Lachiwiri. Lachinayi ndi lanu."

6

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaitanitsa komiti, n'kupereka lipoti la wapampando. Linali lalifupi.

Woyamba kutsegula pakamwa anali mayi Eufemia.

"Ndiye za sikelo yanga munalemba ndinu? Inu amene ndimakuwonjezerani tchizi?"

"Makinawo anali kuti?" anafunsa Crisanto.

"Mu firiji ija."

"Iti? Imene ndinkakhalira?" Anagwira kumbuyo kwake. "Masabata atatu ndikufungatira umboni ngati nkhuku!"

Anthu anaseka, koma iye anasiya msanga. "Munandisiya ndikuwotchedwa ngati Yudasi, achimwene, inu machesi ali m'thumba." Anavala chipewa napita. Miyezi iwiri sanandilankhule, ndipo akandiona pasiteji ankadutsa akuimba hutala. Anadzabwera yekha firiji yake itawonongeka, n'kundiuza kuti ndiikonza ulere mpaka imfa.

Dioselina anabwerera kusukulu Lolemba, mayi ake ali kudzanja lamanja, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Musaganize kuti zonse zinatha pomwepo. M'mimba munapitiriza kumupweteka mpaka mvula ya Juni. Panali masiku amene ankafika pageti n'kubwerera. Mayi Nélida anakambirana ndi aphunzitsi, anyamata ojambula aja anaitanidwa ndi makolo awo, ndipo mwanayo anaphunzitsidwa kusiya funso n'kupita pa lina mtima ukayamba kugunda. Masamu anakhoza mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi, koma anakhoza.

Ine Lachinayi langa linali lowawa kuposa mayeso. Ndinapatsidwa ntchito ya kunyumba ngati mwana: tsiku lililonse ndinene chinthu chimodzi choona chimene mwanayo wachita bwino, osawonjezera "koma". Kumeza "koma" kuli ngati kumeza fupa la nsomba. Tsiku loyamba ndinati, "Khofiyu wafulula bwino." Anandiyang'ana akudikira mbola. Itapanda kubwera anafunsa mayi ake ngati ndikudwala.

Kamodzi, mu Ogasiti, dzina lija linandipulumuka. Dioselina ananyamuka patebulo n'kupita kuchipinda chake. Kale ndikanati nthabwala chabe. Ndinapita kukagogoda pachitseko chake, ndinapepesa, ndipo ndinabwerera osadikira kuti anditonthoze.

Zoraida anandigoneka pampando wa pabalaza mwezi wathunthu, koma nayenso anapita yekha kwa mwanayo. Ndinamumva akunena kuti, "Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkamva dzina lija, nthawi zina n'kumaseka nawo. Ndikhululukire." Wilu masiku ano amalemba amayi atatu odziwika mayina, ndipo ana salowamo.

7

Owerenga anzanga, papita zaka zisanu. Sindinalembe izi kuti mundiyamikire, komanso bambo anga sindikuwazenga mlandu. Iwonso wina anawatchula dzina ali mwana, ndipo anafa akukhulupirira kuti anandilera bwino. Kwathu timakonda kuseka, ndipo nthabwala sindinasiye. Ndinangophunzira kuyang'ana nkhope ya amene akusekedwayo. Wamkulu ukamunyoza amabweza, kapena amakusiya pasiteji. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi alibe kopita. Amadya pakhomo pako, ndipo zimene wanena amazitenga ngati uthenga wabwino. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wofatsa kwambiri, wopepesa pa zimene sanalakwe, musafulumire kunyadira kuti munalera waulemu. Mufunseni munthu wina wakunja amene mwanayo amamumasukira, ndipo mukonzekere kumva dzina lanu.

Dioselina sananenepo kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse. Si ngongole yoti ndikatolere. Akuphunzira za unamwino tsopano. Mwezi watha ndinanena mawu ena okhudza mnyamata amene akumuyendera, oti nsapato zake zikuoneka ngati anabwereka kwa agogo ake. Mwanayo anamenya tebulo, masupuni n'kudumpha.

"Bambo, basi! Simunamudziwe n'komwe. Akabwera Lamulungu mudzamupatse moni bwinobwino, apo ayi mukadyere kushedi!"

Ndinatuluka panja n'kukaima pakhonde. Zoraida ananditsatira, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mwakalipiridwa ndi mwana wobala nokha, ndiye mukumwetulira chiyani?"

"Mwamva m'mene anakwezera mawu?" ndinatero. "Mpaka kwa mayi Eufemia amva."